Fodya wanu akafika padoko amafunsidwa kuti: anakulima ndani?

Ngati mumalima fodya ku Angónia, Macanga, Tsangano, Chifunde kapena Marávia, mukuwadziwa bwino mafunso amene belo lanu limakumana nawo tsiku logulitsa. Ogula amaona mtundu wa tsamba, amakhudza kuti amve chinyezi, amasanthula ngati mwalowa nthenga, ulusi wa thumba kapena pulasitiki, kenako amaika pasikelo. Mukalandira ndalama zanu atachotsapo ngongole ya feteleza, mumaona ngati nkhani yathera pomwepo.

Koma ulendo wa belolo umakhala utangoyamba. Limapita kufakitale mumzinda wa Tete, tsamba limachotsedwa mitsitsi ndi kupakidwa m'makatoni, limatsikira kudoko la Beira, n'kuwoloka nyanja. Kutsidyako kuli funso lina limene sikelo singayankhe: kodi fodyayu analimidwa ndi manja a ndani? Kodi munthuyo analipidwa? Kodi anali ndi ufulu wochoka atafuna? Kodi anali mwana woyenera kukhala m'kalasi?

Kale mafunso otere ankafunsidwa ndi atolankhani ndi mabungwe okha. Lero alembedwa m'malamulo a maiko amene amagula katundu wathu, ndipo yankho lake likhoza kutsegula kapena kutseka msika. N'chifukwa chake lamulo la ntchito, limene ambiri timaliona ngati la anthu a m'maofesi ndi m'migodi ya ku Moatize, lafika mpaka m'chigafa mwanu.

Zimene zinawaonekera anansi athu

Pa 1 Novembala 2019, nthambi yoona za kasitomu ya dziko la United States inalamula kuti fodya yense wochokera ku Malawi, pamodzi ndi chinthu chilichonse chimene muli fodya wa ku Malawi, azigwidwa akafika pamadoko a dzikolo. Chifukwa chimene inapereka n'chakuti inali ndi umboni wosonyeza kuti fodyayo ankalimidwa pogwiritsa ntchito anthu mowakakamiza, kuphatikizapo ana. Lamulolo silinasankhe munda uwu kapena uwo. Linagwera dziko lonse, mlimi wolakwa ndi wosalakwa yemwe.

Makampani ogula fodya anayenera kudziyeretsa imodziimodzi. Anasonyeza mmene amalembera alimi awo, mmene alangizi amayendera minda, ndi zimene amachita akapeza mwana akugwira ntchito. Alliance One inachotsedwa pachiletsocho mu Juni 2020. Limbe Leaf inatsatira chaka chomwecho, ndipo Premium Tobacco Malawi inachotsedwa mu 2021. Aliyense amene sakanatha kusonyeza komwe fodya wake wachokera anatsala kunja.

Musaione ngati nkhani ya kutali. Munda wa ku Dedza ndi munda wa ku Calómuè amalekanitsidwa ndi msewu chabe. Mbewu ndi imodzi, kalimidwe n'kamodzi, ndipo antchito amawoloka malire uku ndi uku. Limbe Leaf ndi Mozambique Leaf Tobacco, imene imagula fodya wambiri m'chigawo chathu cha Tete, zonse zili m'banja la kampani ya Universal ya ku Richmond ku America. Komanso unduna wa zantchito wa ku United States uli ndi mndandanda wa katundu amene umati amapangidwa pogwiritsa ntchito ana, ndipo fodya wa ku Moçambique ali pamndandandapo. Mndandandawo paokha suletsa malonda, koma ogula ndi akasitomu amauwerenga. Mutu wa mnzako ukamametedwa, wako uziuthira madzi.

Lamulo lakale limene linadzuka

Chida chimene anagwiritsa ntchito pa Malawi si chatsopano. Ndi gawo 307 la lamulo la msonkho wa katundu la mu 1930, limene limaletsa kulowetsa mu United States katundu wopangidwa ndi akaidi kapena anthu ogwira ntchito mokakamizidwa. Kwa zaka zoposa 80 lamuloli silinkaluma kwenikweni, chifukwa linali ndi khomo lothawira: ngati dzikolo silinkapanga katunduyo wokwanira anthu ake, ankaloledwa kulowa. Khomo limenelo linatsekedwa mu 2016, ndipo kuyambira pamenepo ziletso zinayamba kuchuluka.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzimvetsa pa kayendedwe kake. Choyamba, munthu aliyense kapena bungwe lililonse likhoza kupereka dandaulo, ndipo akasitomu safunika kudikira chigamulo cha khoti. Akangokhala ndi umboni womveka, ngakhale usanakhale wotheratu, amagwira katunduyo. Chachiwiri, udindo wosonyeza kuti katunduyo ndi woyera umagwera wogula. Amapatsidwa miyezi itatu kuti abweretse umboni, apo ayi atumize katunduyo kwina.

Apa m'pamene nkhaniyi imabwerera kwa inu. Wogula wa ku America safuna kutaya ndalama, ndiye amafunsa umboni kwa kampani imene inamugulitsa. Kampaniyo imafunsa mlangizi wake wa kumudzi. Mlangiziyo amabwera pakhomo panu ndi foni kapena kabuku, n'kuyamba kufunsa kuti muli ndi ana angati, ali ndi zaka zingati, amaphunzira kuti, mwalemba antchito angati ndipo mumawalipira bwanji. Ambiri amadabwa kuti mafunso amenewa akukhudzana bwanji ndi fodya. Tsopano mwadziwa kumene amachokera.

Malonda ndi ntchito zinakumana bwanji?

Pali mabungwe awiri a dziko lonse amene ali ndi likulu ku Genebra. Lina ndi loona za malonda, limene m'Chipwitikizi timalitchula kuti OMC, ndipo Moçambique ndi membala wake kuyambira 1995. Lina ndi loona za ntchito, OIT, limene linakhazikitsidwa mu 1919. M'zaka za m'ma 1990 maiko ena olemera ankafuna kuti OMC izilanga maiko amene salemekeza ufulu wa antchito. Maiko osauka anakana. Ankaopa kuti nkhani ya ufulu idzasanduka chonamizira chotsekera katundu wawo wotsika mtengo.

Pamsonkhano wa ku Singapore mu 1996, nduna zamalonda zinagwirizana kuti mwini nkhani za ntchito ndi OIT, komanso kuti miyezo ya ntchito isagwiritsidwe ntchito ngati mpanda wotchingira malonda a ena. Mpaka lero, m'malamulo akuluakulu a OMC mawu achindunji okhudza ntchito ndi ochepa kwambiri: dziko limaloledwa kukana katundu wopangidwa ndi akaidi.

OIT ili ndi mapangano ambiri, koma ilibe apolisi ndipo siigwira katundu padoko. Imafufuza, imalemba malipoti, imachititsa manyazi boma lolakwa. Ife a ku Moçambique tili ndi mbiri yathu pamenepa. Mu 1961 dziko la Ghana linasumira Portugal ku OIT chifukwa cha ntchito yokakamiza ku Angola, Guiné ndi Moçambique, ndipo linali dandaulo loyamba kufufuzidwa ndi komiti yapadera yotere. Agogo athu ankaitcha ntchitoyo chibalo. Ambiri anathawira ku Nyasaland ndi ku Rhodesia pothawa chibalo ndi thonje lolimidwa mokakamiza. Choncho mawu akuti ntchito yokakamiza sitinawaphunzire kwa azungu a lero. Tinawamva m'nkhani za pamoto.

Popeza OMC inakana kulowerera ndipo OIT ilibe ndodo, maiko ogula anapeza njira zawo. Ena analemba ufulu wa antchito m'mapangano amalonda. Ena anauika ngati chofunika kuti dziko lichotseredwe msonkho, monga mmene linachitira lamulo la AGOA la mu 2000 lokhudza katundu wa ku Africa wopita ku United States. Ena anakhazikitsa malamulo ogwira katundu pamalire.

Msika wa ku Ulaya nawo ukusintha

Fodya wathu wambiri amapita ku Ulaya, choncho zochitika kumeneko zimatikhudza kwambiri. Mu Juni 2016, ku Kasane ku Botswana, maiko asanu ndi limodzi a m'chigawo cha SADC anasaina pangano la malonda ndi União Europeia. Maikowo ndi Botswana, Lesotho, Moçambique, Namibia, South Africa ndi Eswatini. Dziko lathu linayamba kuligwiritsa ntchito mu Febuluwale 2018. M'panganomo mbali zonse zinavomereza kuti sikoyenera kukopa malonda kapena ndalama za akunja pofewetsa chitetezo cha antchito.

Kuti mudziwe kuti mawu otere si okongoletsa pepala, onani zimene zinachitikira Cambodia. Dzikolo, monga maiko ena osauka, linkagulitsa katundu ku Ulaya popanda msonkho. Mu Ogasiti 2020 União Europeia inachotsa mwayiwo pa gawo limodzi mwa magawo asanu a katundu wake, makamaka zovala, nsapato ndi shuga, ponena kuti boma likuphwanya ufulu wa anthu ndi wa antchito.

Chachikulu chili m'njira. Kumapeto kwa 2024 União Europeia inavomereza lamulo loletsa kugulitsa pamsika wake katundu aliyense wopangidwa ndi ntchito yokakamiza, kaya wachokera kunja kaya wapangidwa komweko. Liyamba kugwira ntchito pa 14 Disembala 2027. Silikunena za fodya yekha. Likukhudza thonje, shuga, mtedza wa caju, nandolo, nsomba, miyala ya mumgodi, chilichonse. Katundu akapezeka kuti ali ndi banga limeneli pa gawo lililonse la ulendo wake, kuyambira kumunda mpaka kufakitale, adzachotsedwa pamsika.

Makhoti nawonso alowamo. Mu Disembala 2020 alimi masauzande angapo a ku Malawi, pamodzi ndi ana awo, anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial Brands kukhoti lalikulu ku London, ponena kuti makampaniwo anapindula ndi thukuta lawo pamene iwo ankagwira ntchito movutika. Makampaniwo amakana mlanduwo ndipo anapempha kuti uthetsedwe usanamvedwe, koma mu Juni 2021 khoti linakana pempholo. Phunziro lake n'lakuti mlimi wa kumudzi akhoza kufikitsa dandaulo lake kwawo kwa kampani. Chaka chomwecho cha 2021 nyumba ya malamulo ya Malawi inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa ulimi wa matenanti, uja wakuti banja limakhala pamunda wa bwana, kumadya chakudya cha ngongole, n'kudikira malipiro fodya akagulitsidwa.

Nanga lamulo lathu likuti chiyani za ana?

Wina anganene kuti awa ndi malamulo a eni ake, ife satikhudza. Zoona zake n'zakuti zambiri zimene ogula akufunsa zinalembedwa kale m'malamulo athu. Constituição ya dziko lino, pa ndime 84, imaletsa ntchito yokakamiza, ndipo pa ndime 121 imaletsa kugwiritsa ana ntchito. Mu 2003 Moçambique inavomereza mapangano awiri a OIT: la nambala 138 lonena za msinkhu woyambira ntchito, ndi la nambala 182 lonena za ntchito zoipitsitsa kwa ana.

Lamulo la ntchito limene tikugwiritsa ntchito panopa ndi Lei 13/2023, limene linalowa m'malo mwa lija la mu 2007 ndipo linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024. Likunena kuti msinkhu wolembedwa ntchito ndi zaka 18. Wachinyamata amene wakwanitsa zaka 15 akhoza kulembedwa pokhapokha kholo kapena womuyang'anira atavomereza, maola ake akhale ochepa kuposa a munthu wamkulu, ndipo asapatsidwe ntchito yoika thanzi lake pachiswe. Boma linatulutsanso mu 2017 mndandanda wa ntchito zoopsa zimene mwana sayenera kugwira. Pambali pa izi, lamulo la maphunziro la mu 2018 likuti mwana aliyense aphunzire kuyambira kalasi yoyamba mpaka yachisanu ndi chinayi.

Makolo ambiri amafunsa kuti, kodi ndiye kuti mwana wanga asagwire khasu? Ife tinakula tikulima, ndipo n'zimene zinatiphunzitsa moyo. Funsoli n'lomveka. Mapangano a OIT sakunena kuti mwana azingokhala manja lende. Kutunga madzi, kusesa, kudyetsa nkhuku, kuthandiza pang'ono m'dimba la ndiwo akaweruka kusukulu, zimenezi ndi maleredwe. Malire ake ali pa zinthu zitatu: ntchitoyo isamujombetse kusukulu, isamupweteke thupi, ndipo isakhale yolemera kapena yotalika kuposa msinkhu wake.

Fodya amalephera mayeso amenewa pa zifukwa zodziwika. Tsamba laliwisi, makamaka likanyowa ndi mame kapena mvula, limatulutsa chikonga chimene chimalowa m'thupi kudzera pakhungu. Munthu amamva chizungulire, mutu, nseru, kusanza ndi kufooka. Makolo ena amaganiza kuti ndi malungo. Mwana amadwala msanga kuposa wamkulu chifukwa thupi lake ndi laling'ono. Kafukufuku amene bungwe la Plan linachita ku Malawi mu 2009 anasonyeza kuti mwana wogwira ntchito m'fodya tsiku lachinyezi akhoza kulowetsa m'thupi chikonga chofanana ndi cha ndudu 50. Onjezanipo mankhwala opopera kunazale ndi kumunda, fumbi la m'chigafa posankha fodya, kukwera pamwamba kukapachika mikangala, ndi kunyamula mabelo.

Nthawi yake nayonso ndi yoipa. Sukulu zathu zimatsegulira kumayambiriro kwa chaka, nthawi yomweyo imene kuthyola ndi kusoka fodya kumafika pachimake. Mwana amene wajomba Febuluwale ndi Malichi amabwerera m'kalasi anzake atapita patali. Akalephera kawiri amasiya. Lipoti la OIT ndi UNICEF la mu 2025 linati ana pafupifupi 138 miliyoni padziko lonse ali pa ntchito zosayenera, ndipo oposa theka mwa iwo ali mu ulimi, ambiri m'minda ya makolo awo.

Wantchito wa nyengo, ngongole ndi chitupa

Mbali yachiwiri ndi imene alimi ambiri saiganizira, koma ndi imene malamulo a ku America ndi ku Ulaya amalunjikapo kwenikweni. Tikamva kuti ntchito yokakamiza timaganiza za unyolo ndi chikoti. Pangano la OIT la mu 1930 limaifotokoza mosiyana: ndi ntchito iliyonse imene munthu akugwira poopa chilango, asanadzipereke mwa kufuna kwake. Chilangocho chikhoza kukhala kutaya malipiro a miyezi yonse imene wagwira.

Tiyerekeze. Mlimi wa ku Furancungo walemba mnyamata wochokera tsidya la malire mu Seputembala. Agwirizana pakamwa kuti adzalipidwa fodya akagulitsidwa, mwina mu Meyi kapena Juni. Pakadali pano akupatsidwa ufa, mchere ndi sopo, ndipo zonse zikulembedwa m'kabuku kamene iye sakuona. Bwanayo wasunga chitupa chake kuti asathawe. Mu Januwale mnyamatayo wamva kuti mayi ake akudwala, akufuna kupita, koma auzidwa kuti akachoka salandira kanthu. Mu Juni fodya wagulidwa motsika, ndipo atachotsa chakudya, mankhwala ndi ndalama ya ulendo, mnyamatayo watsala ndi ndalama yosakwana n'komwe yobwerera kwawo.

Mlimiyo mwina sakudziona ngati wankhanza. Iyenso ali m'ngongole, ndipo n'zimene anaona ena akuchita. Koma wofufuza akafika, apeza zizindikiro zingapo zimene OIT inazilemba kuti ndi za ntchito yokakamiza: kusunga malipiro, kumanga munthu ndi ngongole, kulanda zitupa, ndi kupezerapo mwayi pa kusowa pogwira kwa mlendo. Nkhani zochepa zotere zikalembedwa bwino n'kutumizidwa kunja, zikhoza kudetsa fodya wa chigawo chonse.

Lamulo lathu la ntchito lili ndi mayankho pa zonsezi. Malipiro aziperekedwa pa nthawi zodziwika, pamlungu, pa milungu iwiri kapena pamwezi. Gawo lolipidwa ndi zinthu, monga chakudya, lisapitirire 25 peresenti ya malipiro onse. Nthawi yokhazikika yogwira ntchito ndi maola 8 patsiku ndi 48 pamlungu. Malipiro otsikitsitsa amaunikidwa chaka ndi chaka pokambirana pakati pa boma, olemba ntchito ndi mabungwe a antchito, ndipo mu 2024 a gawo la ulimi anaikidwa pa 6.338 meticais pamwezi. Mgwirizano wa ntchito uyenera kulembedwa, kupatula ntchito zina zazifupi, ndipo ngati sunalembedwe, wantchito sataya ufulu wake. Kulakwako kumawerengedwa kwa wolemba ntchito.

Mtolo wonsewu asenze ndani?

Pano tiyenera kulankhula chilungamo. Mlimi wa hekitala imodzi sagwiritsa ntchito mwana wake chifukwa chodana ndi sukulu. Fodya amadya manja ambiri, kuyambira kunazale, kuokera, kubandira, kudulira, kuthyola, kusoka, kusankha mpaka kudinda. Ndalama imabwera kamodzi pachaka. Pa nthawi imene ntchito yachuluka, m'thumba mumakhala mulibe kanthu ndipo nkhokwe imakhala itapepuka. Mukamuuza kuti achotse ana m'munda n'kulemba waganyu wolipidwa mwezi ndi mwezi, ayenera kufunsa kuti ndalamayo ichokera kuti.

Ichi n'chifukwa chake anthu ambiri, kuno ndi kunja komwe, amanena kuti chiletso chokha si mankhwala. Msika ukatsekedwa, woyamba kuvutika ndi banja lomwe lija limene amati akuliteteza, ndipo mwana amachoka m'fodya n'kukalowa m'makala kapena m'migodi ya golide. Ngati wogula akufuna fodya wolimidwa ndi akuluakulu olipidwa bwino, mtengo wa pakilogalamu uyenera kukwanira kulipira akuluakuluwo. Ngati boma likufuna ana m'kalasi, sukulu ikhale pafupi, mphunzitsi apezeke, ndipo oyendera ntchito azifika kumidzi, osati kuthera m'matauni.

Koma pomwepa pali mwayi wanu. Kale mlimi akadandaula za mtengo ankangouzidwa kuti msika wa kunja watsika. Lero kampani ikufunika umboni wochokera kwa inu kuti igulitse. Kalabu kapena bungwe la alimi likamakambirana za mitengo ndi za mgwirizano wa chaka, lili ndi mfundo yolimba: tiwerengere limodzi kuti hekitala imodzi imafuna masiku angati a ntchito, tichulukitse ndi malipiro ovomerezeka, tione ngati mtengo ukukwanira. Mukhozanso kupempha kuti mbali ya ngongole ibwere ngati ndalama yolipirira aganyu pa nthawi yokolola, osati feteleza ndi mbewu zokha.

Palinso nkhani ya kugulitsa fodya mozemba. Mtengo ukakwera tsidya lina, mabelo amawoloka usiku panjinga, lero kupita ku Malawi, mawa kubwera kuno. Ena amagula fodya wa anzawo n'kumugulitsa pa nambala yawo. Kupatula kuti uku n'kuphwanya mgwirizano ndi malamulo a kasitomu, kumaononga chinthu chimene msika wa lero ukuchifuna kwambiri, chomwe ndi kudziwa munda umene belo lililonse lachokera. Belo lopanda mwini wodziwika limaika pachiswe mabelo onse amene lasakanikirana nawo.

Zimene mungachite nyengo ino

Ngati ndinu mlimi wolemba antchito, lembani mgwirizano ngakhale papepala la m'kope. Mulembe dzina, ntchito yake, malipiro, tsiku lolipira, ndi zimene zidzachitike wina akafuna kusiya nyengo isanathe. Aliyense asunge pepala lake, ndipo pakhale mboni, kaya mfumu, kaya mlembi wa kalabu. Lipirani mwezi ndi mwezi mmene mungathere, ndipo wolandirayo asaine kapena adinde chala. Musasunge chitupa cha munthu. Funsani zaka za amene mukumulemba, ndipo ngati mukukayika, musamulembe. Wothyola fodya avale zodzitetezera ndi malaya a manja aatali, ndipo asambe akangoweruka. Mankhwala apopere munthu wamkulu yekha, osati mayi woyembekezera kapena woyamwitsa.

Werenganinso mgwirizano wanu ndi kampani musanasaine. Ngati uli m'Chipwitikizi chovuta, pemphani mlangizi akumasulireni m'chinenero chanu, ndipo mutenge kope lanu. Dziwani mtengo wa zipangizo zimene mwatenga pangongole ndi mtengo wa giredi iliyonse. Sungani malisiti onse.

Ngati ndinu wantchito, dziwani kuti kusauka kapena kukhala mlendo sikuchotsa ufulu wanu wolandira zimene mwagwirira ntchito. Muzilemba nokha masiku amene mwagwira ndi zinthu zimene mwalandira. Zikavuta, nkhani ikhoza kuyambira kwa mfumu kapena ku ofesi ya posto administrativo. Ikakanika kumeneko, pali oyendera ntchito a boma, Inspecção Geral do Trabalho, ndi malo oyanjanitsa anthu pa mikangano ya ntchito amene ali pansi pa COMAL. Amene alibe ndalama ya loya akhoza kupita ku IPAJ, imene imathandiza osauka pa milandu. Pa nkhani za ana pali nambala yaulere ya 116, Linha Fala Criança.

Ngati ndinu mphunzitsi, mfumu kapena membala wa komiti ya sukulu, kaundula wa m'kalasi ndi umboni wamphamvu kuposa mmene mukuganizira. Onani maina amene amasowa fodya akapsa m'munda, ndipo pitani mukacheze ndi makolo ake mwana asanasiyiretu. Thandizaninso mabanja kulembetsa ana kuti akhale ndi chikalata cha kubadwa, chifukwa popanda icho n'kovuta kutsimikiza zaka za mwana, kaya kusukulu kaya pantchito.

Disembala 2027 ali pafupi, ndipo makampani sadikira tsikulo kuti ayambe kusankha alimi oti apitirize nawo. Mlangizi akadzafika chaka chino ndi mafunso ake okhudza ana ndi antchito, muyankheni zoona, mumuonetse mapepala anu, kenako nanunso mumufunse kuti mtengo wa chaka chino wawerengera malipiro a amene athyole fodyayo kapena ayi.